Hard drive yanga ikutentha kwambiri, ndiziyiika mu fuliji?

FUNSO: Akulu, ine ndimajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ku Nchalo, kastudiyo kanga ndi kamalata. External hard drive yanga ya 2TB ikamafika 1 koloko masana imatentha zoti kuigwira mpaka kuwawa, pena imangodzichotsa yokha pa laputopu ndili pakati pa editing. Mnzanga akuti ndiziyiponya kaye mu fuliji. Nzoona zimenezi?

YANKHO: Achimwene, za fuliji zo musayerekeze chonde. Mukaitulutsa imachita thukuta ngati botolo la Fanta lozizira, ndiye madziwo akafika pa kabolodi ka mkati basi mwaipha nokha, ukwati wa eni ake nkupitira pompo.

Mkatimo muli timbale tomwe timazungulira ka 5400 pa mphindi, kutenthako kumachokera pamenepo, ndipo chilibe fani, chimangodalira mpweya wapamalopo. A Western Digital, kampani yopanga ma drive, amalemba kuti drive yawo ya My Passport izigwira ntchito pamalo a madigiri 5 mpaka 35, pomwe kwanu kuchigwako Okutobala ndi Novembala kumadutsa 40, kuonjezeranso malata pamutu, ndiye mwaona nokha.

Choyamba ichotseni mu kathumba kake mukamagwiritsa ntchito, ambiri amalakwitsa pomwepa. Osaiika pa nsalu, pa matilesi kapena mbali yomwe laputopu imatulutsira mpweya wotentha ija. Ikhale pa tebulo, pansi pake muikepo timalabala tinayi tofufutira pensulo kuti mphepo izidutsa, kenako kafani ka USB kaziwomba pomwepo, kokhako kamatsitsa kutentha ndithu. Koma osaisuntha ili mkati mozungulira.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine nchoti editing mukupangira pa drive pomwepo, ndiye sikupuma tsiku lonse. Kopelani ukwati womwe mukukonzawo pa laputopu mmamawa kusanatenthe, muichotse bwinobwino ndi eject, muibwezeretse madzulo.

Ikaninso pulogalamu ya CrystalDiskInfo, ndi yaulere pa Windows, imaonetsa madigiri enieni a mkati. Drive ikamakhalitsa pamwamba pa 50 ipumitseni, pulogalamuyo ikalemba Caution kapena mukamva tiki tiki tiki, yambani kusamutsa zonse tsiku lomwelo. Zodzichotsa yokhazo yesani kaye kusintha kachingwe ndi polowetsa USB, nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Ndipo ukwati womwe simunaupereke kwa eni ake uzikhala pa ma drive awiri.