Funsani Adokotala: Jakisoni wa pabondo komanso wa msana

Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 64, bondo lakumanja lawasowetsa mtendere moti kukwera minibasi timachita kuwanyamula. Kuchipatala akuti ndi nyamakazi ndipo akufuna awabaye jakisoni pabondo pomwepo. Koma mayiwo ali ndi shuga, komanso anzawo a kumpingo awauza kuti jakisoni ameneyo amadya mafupa. Tivomere?
Mwana wawo, Ndirande

Zikomo mwana wa mayi. Jakisoni amene akunenedwayo nthawi zambiri amakhala wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, monga triamcinolone kapena methylprednisolone, ndipo amamusakaniza ndi lidocaine, uja wochititsa dzanzi. Ndiye musadabwe mayi akatuluka mchipinda akuyenda bwinobwino kenako madzulo ululu nkubwerera mwinanso kuposa poyamba, dzanzi lija latha basi, steroid amayamba kugwira pakapita masiku angapo mpaka sabata. Bondolo lipume tsiku limodzi kapena awiri, kumunda ndi kusenza madzi ayambe adikira.

Koma ndinene mosabisa, jakisoniyu sachiza nyamakazi. Amachepetsa kutupa ndi ululu kwa masabata angapo, ena mpaka miyezi 2 kapena 3, chichereŵechereŵe chimene chinaperepeseka pabondopo sichimeranso ayi. Anzawo aja sakunama kwenikweni, kubaya pafupipafupi kumatha kuonjezera kuwonongekako, nchifukwa chake timasiya miyezi yosachepera 3 pakati ndipo sitipitirira katatu kapena kanayi pachaka pamalo amodzi. Kamodzi kokha sikangawadye mafupa. Phindu lake nloti ululu ukatsika mayi apeze mpata wochita mafizo olimbitsa ntchafu, ndipo ngati thupi ndi lalikulu achepetseko, bondo limayamika kwambiri.

Za shuga zija musazitenge mopepuka. Steroid amakweza shuga kwa masiku angapo, ena kupitirira sabata, ndiye awauze adokotala asanabaye, ndipo ayeze shuga pafupipafupi masiku amenewo. Ngati shugayo ndi wokwera kale bola kuyamba kumutsitsa. Atenge kabuku kawo ka kuchipatala aonetse mankhwala onse omwe akumwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin, ndi ma ARV omwe muli ritonavir chifukwa amenewa amapangitsa steroid kukhalitsa mthupi mpaka kubweretsa mavuto ena. Bondo likatentha, kutupa, ululu nkumakula tsiku ndi tsiku komanso thupi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kungakhale kuti mwalowa tizilombo ndipo mafinya a mubondo sadikira.

Adokotala, ine ululu umayambira mchiuno nkutsika mwendo wakumanzere mpaka kuchala, nthawi zina dzanzi. Pa trading pathu pali bambo wina amabaya diclofenac pathako, ndikabayitsa ndimapeza bwino ndiye ndimapita pafupifupi sabata iliyonse. Pali vuto?
Bambo wa ku Mchinji

Bambo, vuto lilipo ndipo chonde siyani lero. Mtsempha womwe ukukupwetekaniwo, wa sciatic, umadutsa mthako momwemo. Wodziwa ntchito amabaya kumtunda chakunja kwa thako dala kuti authawe, wosadziwa amangolasa pakati, ndipo singano ikaukhudza munthu amatha kutsala ndi phazi lolendewera loti poyenda amalikoka, zala zikukhula pansi, patapata kumangovuka yekha. Zimenezi zimatenga miyezi kuti zibwerere ndipo kwa ena sizibwerera. Diclofenac yemweyo sabata ndi sabata amaboola zilonda zam'mimba, amawononga impso, amakwezanso BP, ndipo kubayidwa sikuteteza mimba monga ambiri amaganizira, mankhwala akalowa m'magazi ndi omwewo.

Tonse timadziwa kuti kwathu kuno munthu akapatsidwa mapilitsi okha amabwerako akudandaula kuti sanathandizidwe, koma jakisoni si mankhwala amphamvu kuposa onse, ndi njira chabe yolowetsera mankhwala.

Chofunika ndi kudziwa chomwe chikupana mtsemphawo. Ambiri kamakhala kambale ka pakati pa mafupa a msana kamene kasuntha, ndipo ululu wotere umazilala wokha pakatha masabata kapena miyezi yochepa ngati munthu akuyendayenda ndi kuchita mafizo mmalo mongogona. Koma kuno TB ya msana iliponso, ngati mukuonda, kutuluka thukuta usiku kapena thupi kutentha nenani msanga chifukwa pamenepo mankhwala ake ndi a TB. Jakisoni wa msana weniweni, epidural, alipo, amathandiza ululu wa mwendo kwa kanthawi, koma amabaya ndi madokotala amene anaphunzira ntchitoyo atakuunikani kaye. Yambani kuchipatala cha boma cha mboma lanu muonane ndi a mafupa, iwo akaona kuti nkofunika akutumizani ku Kamuzu Central komwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha. Mukaona kuti mkodzo kapena chimbudzi chikukupulumukani, mkodzo ukukanika kutuluka, dzanzi pakati pa miyendo kapena mwendo ukufooka, pitani kuchipatala, musadikire kuche.

Anandibaya pa dzanja miyezi 2 yapitayo, ululu unatha koma pobayapo payera komanso palowa mkati. Ndi khate?
Mtsikana, Mzuzu

Ayi achemwali, si khate. Steroid akabayidwa pafupi ndi khungu amatha kuliyeretsa ndi kusungunula mafuta a pansi pake, ndipo pa khungu lakuda ngati lathuli zimaoneka kwambiri. Kwa ambiri zimabwerera pang'onopang'ono mkati mwa chaka. Musapakepo mafuta oyeretsa khungu, ndipo akafuna kubayanso pomwepo muwaonetse kaye malowo.