Kodi kampani ya foni ingandilipiritse chifukwa chokana direct debit?

Mayi wina wokhala ku Manchester, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, watitumizira imelo iyi: "Bilu ya foni ndi intaneti ya kunyumba ndimalipira ndekha mwezi ndi mwezi, pena pa kadi, pena ndi ndalama m'manja kusitolo. Ndaona kuti akumandiwonjezera £3 mwezi uliwonse ati chifukwa ndilibe direct debit. Ine ndimaopa kupatsa kampani mphamvu yotapa ndalama mu akaunti yanga, poti ndimalandira malipiro masabata anayi alionse ndipo tsiku lake limasinthasintha. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga nditani?"

Mayi, £3 ikuoneka yochepa, koma pa chaka ndi £36, ndipo pa kontrakiti ya miyezi 24 ndi £72. Mwachita bwino kufunsa.

Khalidweli silinayambe lero ku Britain. Mu 2007 kampani ya mafoni ya BT inayamba kulipiritsa £4.50 pa miyezi itatu iliyonse kwa makasitomala osalipira kudzera pa direct debit, ndipo m'zaka zomwezo Virgin Media inkatenga £5 pamwezi. Anthu anadandaula kwambiri, makamaka okalamba ndi amene analibe akaunti ku banki, mpaka bungwe loyang'anira za mafoni la Ofcom linatulutsa malangizo mu December 2008 onena kuti ndalama zoterezi zizionetsedwa poyera munthu asanasaine, osati kubisidwa m'timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto. Makampani amati kasitomala wolipira yekha amawadyera ndalama zambiri: amachedwa, amafunika kumukumbutsa, ndipo sitolo yolandira ndalama m'malo mwawo imadulako yake. Zina mwa izi n'zoona. Koma lamulo silinawasiyire mpata woti azitchula mtengo uliwonse umene afuna.

Malamulo ofunika kwa inu ndi a Consumer Rights (Payment Surcharges) Regulations 2012, amene anayamba kugwira ntchito pa 6 April 2013. Amati ndalama yowonjezera chifukwa cha njira yolipirira isapitirire zimene wogulitsayo amawonongadi polandira malipiro mwa njira imeneyo. Kenako pa 13 January 2018 anawakhwimitsa: kuyambira tsiku limenelo n'koletsedwa kuwonjezera kalikonse kwa munthu wolipira pa kadi yake ya debit kapena ya credit, ngakhalenso pa PayPal. Ndalama za m'manja ndi macheke sizinalowe m'chiletsochi, koma nazonso malire ake ndi omwe aja a zimene kampani yawonongadi. Ndiye miyezi imene munalipira pa kadi, muli ndi poyambira pamphamvu. Miyezi imene munalipira ndi ndalama m'manja, funso lanu kwa iwo likhale lakuti £3 imeneyo anaiwerengera bwanji.

Apa pali kamsampha. Tengani bilu ndi pepala la kontrakiti muone mawu enieni amene alembedwa. Makampani ena salemba kuti akukuwonjezerani. Amalemba kuti mtengo wonse ndi wakutiwakuti, koma wolipira pa direct debit amamuchotsera. Kampani ya mafoni ya Three kwa zaka zambiri inkatsatsa mitengo yokhala kale ndi kuchotsera kwa £5 pamwezi kwa olipira mwa njira yobwereza yokha. M'thumba mwanu zimapweteka chimodzimodzi, koma pamaso pa lamulo kutsitsira munthu mtengo n'kololedwa, choncho mlandu wake umavutirapo. Onaninso ngati £3 yanuyo sinali ya bilu ya papepala yobwera pa positi kapena ya kulipira mochedwa. Zimenezo ndi zina, ndipo ya papepala imatha mukangosankha kulandira bilu pa imelo.

Tsopano za mantha anu aja. Kunena mosabisa, mwa njira zonse zolipirira zobwereza, direct debit ndi imene imakutetezani kwambiri. Banki iliyonse yolola direct debit imatsata lonjezo lotchedwa Direct Debit Guarantee. Kampani ikafuna kusintha kuchuluka kwa ndalama kapena tsiku lotapa, iyenera kukudziwitsani pasadakhale, kawirikawiri masiku 10 ogwira ntchito, pokhapokha mutagwirizana zina. Ikatapa molakwika, simukapempha kwa kampaniyo ayi. Mumauza banki yanu ndipo banki iyenera kukubwezerani ndalama yonse nthawi yomweyo. Mungathenso kuimitsa direct debit nthawi iliyonse pa app ya banki. Kungoti kuimitsa sikufafaniza ngongole, bilu imakhalabe yanu.

Musasokoneze ndi zinzake ziwiri. Standing order mumakhazikitsa ndinu, ya ndalama yosasintha, ndipo makampani a foni ambiri saiwerengera ngati direct debit chifukwa bilu imatha kukwera kapena kutsika. Inayo ndi ija mumapereka manambala 16 a pa kadi kuti azidula okha mwezi ndi mwezi. Imeneyo ilibe Direct Debit Guarantee, ndipo kadi ikatha nthawi kapena ikatayika, malipiro amatha kukanika inu osadziwa. Chizindikiro chake n'chosavuta: akakufunsani sort code ya manambala 6 ndi nambala ya akaunti ya manambala 8, imeneyo ndi direct debit.

Vuto lanu lenileni ndi tsiku, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Wolandira masabata anayi alionse amalandira ka 13 pachaka, pamene bilu imabwera ka 12. Tsiku la malipiro limabwerera m'mbuyo ndi masiku awiri kapena atatu pafupifupi mwezi uliwonse, kotero palibe deti limene lidzakhale likutsatira malipiro anu chaka chonse. Anthu ambiri amapempha kampani kusuntha tsiku, zimayenda miyezi itatu, kenako zimasokonekeranso. Chothandiza ndi akaunti yachiwiri ya mabilu okha. Tinene kuti bilu yanu ndi £39. Pachaka ndi £468, ndipo mukagawa ka 13 mupeza £36. Ikani kaye £39 yathunthu mu akauntiyo poyamba kuti pakhale poyambira, kenako tsiku lililonse lolandira muzisamutsirako £36, pamanja kapena pa standing order ya masabata anayi. Direct debit ikhale pa akaunti imeneyi. Kampani sidzafika pa ndalama ya lendi kapena imene mwasungira kutumiza kumudzi, ndipo ngati bilu yanu imakwerako mukaimba mafoni akunja, muzisiyamo kena kapamwamba.

Ngati kutsegula akaunti wamba kukuvuta chifukwa mwangofika kumene ndipo mulibe mbiri ya ngongole, pemphani basic bank account. Mabanki akuluakulu asanu ndi anayi, kuphatikizapo Barclays, HSBC, Lloyds, NatWest, Santander ndi Nationwide, amakakamizidwa ndi lamulo kupereka akaunti yotereyi kwaulere kwa woyenerera wokhala m'dzikomo movomerezeka. Imalola direct debit, ilibe overdraft (mwayi wotapa ndalama zoposa zimene zilimo), ndipo salipiritsa malipiro akakanika. Muitchule ndi dzina lake, chifukwa pa kauntala sathamangira kuitsatsa.

Nanga tsiku lotapa likafika ndalama zili zoperewera? Mabanki ambiri amayesa m'mamawa, akalephera amatumiza uthenga ndi kuyesanso masana, ndipo mukaikamo ndalama isanakwane 2 koloko zimadutsa. Zikakanika ndithu, imbirani kampani tsiku lomwelo mulipire pa kadi. Mukazengereza, ena amawonjezera ndalama ya kuchedwa, amatseka laini, ndipo amatha kukanena ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, Experian, Equifax kapena TransUnion. Ngongole ikalembedwa kuti yalephereka imakhala pa mbiri yanu zaka 6, ndipo imeneyo imadzakutsatani pofuna nyumba ya lendi kapena ngongole ya galimoto. Ngozi yomweyi iliponso kwa wolipira yekha akaiwala deti, mwina kuposa.

Za ndalama zimene adula kale, lembani dandaulo, osangoimba foni. Tchulani nambala ya akaunti, miyezi imene munalipira pa kadi, ndi malamulo a 2012 aja, ndipo pemphani kuti akubwezereni komanso akuonetseni pamene ndalamayi inalembedwa musanasaine. Sungani masitetimenti a ku banki ndi marisiti a kusitolo. Akakana, pemphani deadlock letter, kalata yosonyeza kuti zokambirana zafika pothera. Ndi kalatayo, kapena ikatha nthawi yodikira popanda yankho lokhutiritsa, mungapite kwaulere kwa oweruza madandaulo, Communications Ombudsman kapena CISAS, malinga ndi kumene kampani yanu inalembetsa. Nthawi yodikirayi inali masabata 8, koma Ofcom inagamula kuti itsike kufika masabata 6 kuyambira mu 2026. Ofcom yeniyeniyo siweruza dandaulo la munthu mmodzi, imangolisunga m'kaundula. Pamene mukudandaula, pitirizani kulipira bilu kuti mbiri yanu isade.

Ena angakuuzeni za mitengo yotsika ya social tariff monga BT Home Essentials. Yambiri ndi ya olandira thandizo la boma ngati Universal Credit, ndipo ngati visa yanu ili ndi mawu oti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo loterolo, monga ambiri obwera kudzagwira ntchito yosamalira anthu, simungalowemo.

Ngati mtima wanu ukukanabe direct debit, pa foni ya m'manja njira ilipo: SIM yolipiriratu ya giffgaff, Lebara kapena Lyca Mobile, yogula bandulo ya mwezi umodzi ngati mmene timachitira ndi Airtel kapena TNM kwathu, popanda kufufuza mbiri ya ngongole. Musanachoke, tumizani mawu oti INFO ku 85075 kuti muone ndalama imene angakulipiritseni pothetsa kontrakiti msanga, ndipo mukatsimikiza tumizani PAC ku 65075 kuti musamuke ndi nambala yanu. Pa intaneti ya kunyumba mpata woterewu ndi wochepa, makampani ambiri amafuna direct debit polembetsa, choncho akaunti yachiwiri ija mudzaifunabe.