Iimbeni nokha, musadule ya mu gemu

Achimwene, mwafunsa za kugwiritsa ntchito nyimbo ya mu gemu ya pa NES, makina akale a Nintendo osewerera magemu. Musadule mawu a mu gemuyo n'kuwamata pa biti yanu. Imvereni nyimboyo mobwerezabwereza, kenako muilembe nokha mu MIDI, njira yolembera manotsi pa kompyuta. Makina a NES anali ndi ma channel (njira zotulutsira mawu) asanu okha, ndiye opeka nyimbo ankathamangitsa manotsi motsatizana kuti amveke ngati chord, kutanthauza manotsi angapo olira pamodzi. Mukangodula, kulira kumeneko kumalimbana ndi zida zanu. Ine ndinayesapo, bass inangomira pansi pa ng'oma, mpaka ndinafufuta zonse. Nditachepetsa liwiro n'kumvetsera bass payokha, ma chord obisika aja anaonekera, ndinawapatsa piyano.

Koma poti mwati mukufuna kuigulitsa, dziwani kuti kuiimbanso nokha sikuchotsa umwini wa amene anaipeka. Kaonaneni kaye ndi loya wodziwa za copyright musanaiike pa Spotify.