Funsani Amisiri: Shafti ya chigayo yaduka popanda choigunda

Funso: Shafti ya chigayo changa inaduka pafupi ndi pule tikugaya mgaiwa ngati masiku onse. Podukapo, mbali yaikulu ndi yosalala, ili ndi mizere yokhota ngati ya pachigoba cha nkhono. Kagawo kochepa kokha ndiko kali kokhakhala. Kodi anandigulitsa chitsulo chachabechabe?
Mwini chigayo, Chibavi

Yankho: Bambo, shaftiyo sinayambe kuduka tsiku limenelo. Mbali yosalalayo ndi mng'alu umene unkayenda pang'onopang'ono, mwina kwa miyezi, ndipo mizereyo ikusonyeza pamene unkaima mukazimitsa injini kapena mukasintha katundu. Kagawo kokhakhala ndiko kanatsala kakugwira, n'kuthyoka kamodzin'kamodzi. Kuchepa kwakeko ndi umboni wakuti simunkalemetsa chigayo mopyola muyeso. Londolani mizereyo kumene ikuyambira; kawirikawiri mudzafika pangodya ya mpata wa kii (kachitsulo kogwirizitsa pule ku shafti) kapena pamene shafti imachepera mwadzidzidzi.

Lamba amakokera shafti mbali imodzi. Ikamazungulira, malo amodzi omwewo amatamuka kenaka n'kupanikizika pa kuzungulira kulikonse. Ngati ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye ka 180,000 pa ola, ndipo miliyoni imakwana maola 6 asanathe. Injiniya August Wöhler wa ku Germany anasonyeza m'zaka za m'ma 1860, poyesa mashafti a mateyala a sitima zapamtunda, kuti mphamvu yosakwanira kuthyola chitsulo kamodzi imachithyola ikabwerezedwa kambirimbiri.

Masamu a kathamangidwe ka mng'alu amene akatswiri awiri, Paris ndi Erdogan, anafalitsa mu 1963 ndi amene eni zigayo ayenera kuwaopa. Pa zitsulo zambiri, mphamvu yopinda ikawirikiza kawiri, mng'alu umathamanga pafupifupi ka 8. Kungowonjezera mphamvuyo ndi gawo limodzi mwa magawo 4, liwiro la mng'alu layandikira kuwirikiza. N'chifukwa chake timadandaula tikaona munthu akukunga lamba mpaka kuuma gwa pofuna kuti asaterereke.

Shafti yodukayo musaiwotcherere. Poselitsa yatsopano, uzani mmisiri kuti pamene ikuchepera pakhale pokhota bwino ndi posalala, osati ngodya yakuthwa. Pule ikhale pafupi ndi bering'i, mapule awiri ayang'anane bwino, ndipo nyundo za m'kati muzisintha zoyang'anana pamodzi kuti chigayo chisamanjenjemere.

Funso: Kaliyala ya njinga yanga ya sakaramento (ya kabaza) ndaiwotcheretsa katatu, koma imang'alukanso m'mbali mwa powotchererapo. Ndisinthe wowotcherera?
Wa sakaramento, Chiputula

Yankho: Achimwene, funsani kaye mmene akugwirira ntchitoyo. Ambiri amangomata pamwamba, nsonga ya mng'alu n'kutsala m'kati ikuyendabe. Komanso m'mphepete mwa powotcherera mumatsala kamzere kakuthwa, ndipo chitsulo chikamazizira chimatsala chokokeka. Bampu iliyonse ya msewu imakagwira pomwepo.

Choyamba pezani pothera mng'alu. Palani penti ndi dzimbiri, pakani palafini, dikirani mphindi 15, pukutani mpaka paume, kenaka wazani ufa wa choko. Palafini wotsalira m'kati amatuluka n'kujambula mzere wonyowa, ndipo nthawi zambiri umapitirira pamene maso anathera. Boolani kabowo ka mamilimita 3 kapena 4 pansonga penipenipo. Ndi galayinda, kumbani kangalande motsata mng'alu wonse, muwotcherere mpaka kutseka kabowoko, ndipo musalaze m'mphepete. Mukaika kachitsulo kolimbitsa, kapitirire malo ong'alukawo mbali zonse ziwiri.

Paipi yowotchereredwa katatu pamalo amodzi yapyapyala kale. Iduleni muike ina. Mvula ya kuno ku Mzuzu simachedwa kudyetsa chitsulo dzimbiri, ndipo timaenje take ndi poyambira ming'alu, choncho pentani tsiku lomwelo. Koma mng'alu ukakhala pa foloko kapena pa handulo, makamaka ya aluminiyamu, musakonze ndipo musanyamulenso munthu mpaka mutagula ina.