Dzina la m'sewero limakutsatira mpaka kunyumba

Mtsikana wina wa ku Luchenza wandilembera kalata kuti wapatsidwa gawo la mkazi wolanda amuna a eni m'sewero la pa kanema, ndipo akufunsa ngati avomere, popeza bwenzi lake ndi akumpingo ayamba kale kung'ung'udza.

Achemwali, funso lanu landikhudza chifukwa njira imeneyi ndinaiyendapo. Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999, makanema kuno ku Mulanje anali owerengeka, moti nyumba imodzi pa Chitakale inkadzaza ndi anthu obwera kudzaonera, ena atakhala pansi, ena akusuzumira pazenera. Patapita zaka ndinapatsidwa gawo la kapitawo wankhanza wa pa esiteti, wodula malipiro a amayi othyola tiyi. Ndinalisewera bwino gawolo chifukwa akapitawo otere ndinakula ndikuwamva akutukwana m'mizere ya tiyi. Sewero litaonetsedwa, mayi wina pa msika wa Limbuli anakana kundigulitsa chinanazi, nandiuza pamaso pa anthu kuti ndikadye ndalama zomwe ndinabera anzake. Apongozi anga anafika poitanitsa ankhoswe kuti afufuze ngati mwana wawo ndimamusunga bwino. Pa zonsezi, chimene ndinalandira kwa okonza sewerolo chinali ndalama ya minibasi yopitira ku Blantyre ndi kubwerera, pamodzi ndi lonjezo la malipiro lomwe silinakwaniritsidwe mpaka lero.

Anthu amati zimenezi n'zakale, koma ine ndikukana. A Michael Usi, omwe kwawo ndi konkuno ku Mulanje, analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu June 2024, a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa, komabe m'minibasi mpaka pano amatchulidwa kuti Manganya, dzina la m'sewero la Tikuferanji. A Eric Mabedi atamwalira mu 2021, ambiri ankalira Jakobo, dzina lawo la m'sewero. Ngati udindo waukulu wa a Usi sunafafanize dzina la m'sewero, musaganize kuti lanu lidzatha sewero likadzatha.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mtolo umenewu sulemera mofanana. Mwamuna akasewera ngati chidakwa kapena wakuba, anthu amamuseka, ena n'kumugulira chakumwa. Mkazi akasewera ngati wolanda amuna, amayi anzake a m'kwaya amayamba kusuntha mipando, ndipo akuchimuna amanena kuti sakanatha kusewera bwino chotero akanakhala kuti sazichita. Maganizo amenewa ndi umbuli, ndipo sindiwapezera dzina lina lofatsa. Anthu omwewa amatamanda malemu Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera gulu la zisudzo la Wakhumbata Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, koma mwana wawo akafuna kuyenda njira yomweyo amamuopseza ndi mwambo. Amaiwalanso kuti a Usi aja sankadalira sewero lokha: ankagwira ntchito ku bungwe la ADRA uku akupitiriza maphunziro, ndipo ambiri mwa amene ndinasewera nawo anali aphunzitsi kapena makalaliki omwe ankajambula Loweruka ndi Lamulungu.

Tsono muchite chiyani?

Vomerani gawolo, koma ntchito yomwe muli nayo musaisiye. Musanaime kutsogolo kwa kamera, pemphani mgwirizano wolembedwa wonena ndalama ya gawo lililonse, tsiku lolipira, ndiponso ngati mudzalandira kanthu sewerolo likamabwerezedwa kapena likaikidwa pa YouTube. A COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa anthu aluso pa ntchito zawo, angakufotokozereni za ufulu wanu. Bwenzi lanulo mumupatse awerenge sewero lonse, ndipo amalume anu amve nkhaniyi kuchokera pakamwa panu isanaoneke pa kanema.