Ndege ya 10 koloko m'mawa mukatsika sitima ku Durban

Achemwali, mwafunsa ngati inu ndi ana awiri mungakwanitse kukwera ndege ya 10 koloko m'mawa tsiku lomwe sitima yapanyanja ya kampani ya MSC ikubwerera ku Durban. Ine ndikuti sinthani tikitiyo, ikhale ya masana, kuyambira cha m'ma 1 koloko.

Sitima imakocheza m'mamawa ndithu, koma anthu satsika nthawi imodzi. Masutikesi mumawasiya panja pa chitseko usiku wa dzulo lake, atamangidwa timapepala tamitundumitundu, ndipo kukacha amaitana gulu ndi gulu potsata mitunduyo. Lanu likhoza kukhala lomaliza. Kenako pali mzere woonetsa mapasipoti, poti mukuchokera ku Mozambique, kusakasaka katundu wanu pakati pa mazanamazana ofanana, ndiye ulendo wa ku bwalo la ndege la King Shaka, makilomita oposa 30 kumpoto kwa mzinda. Ana nawonso, mukuwadziwa, chimbudzi amachifuna pomwe mwafika kutsogolo kwa mzere. Zovala zawo za m'mawa, mankhwala ndi mapasipoti zigone nanu m'chikwama cha m'manja, apo ayi mwana atsika atavala zogonera.

Popita, kagoneni ku Durban dzulo lake. Ndege ikachedwa sitima siyidikira munthu. Fikani pokwerera sitimayo, pa Nelson Mandela Cruise Terminal, nthawi yomwe yalembedwa pa tikiti yanu, zosambira za ana mutazinyamula pambali chifukwa masutikesi amafika kuchipinda mochedwa. Sitima isananyamuke aliyense, ndi ana omwe, amayenera kuchita nawo maphunziro a chitetezo, choncho musawagoneke nthawi imeneyo isanadutse.