Kuyankha azakhali pa nkhani ya kubetcha mpira

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndikuyankha ndi mawu chifukwa kulemba kungatalike, ndipo phokosolo mungolipirira, ndili pa depoti ku Limbe. Mwafunsa kuti bwanji boma silikungotseka zobetcha mpira zonsezi, poti ana akuthera komweko. Ine maganizo anga ndi oti lizimange zolimba, koma kutsekeratu ayi.

Zinthuzitu ndi zovomerezeka. Pali bungwe la MAGLA, limene linabwera ndi lamulo la 2022, ndilo limapereka ziphaso kwa makampaniwa, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Koma vuto lalikulu si mashopu amene mumawaona ku Ndirande kapena ku Bangwe aja. Vuto lili m'thumba. Munthu wagona kale, watulutsa foni, waika K500 kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, basi wabetcha, mkazi wake ali pambali sakudziwa kanthu. Ndiye mukatseka a ziphasowa, foni yomweyo ipeza ena a kunja amene palibe angawafunse kalikonse, ngakhale msonkho.

Chimene chimawakola anyamatawa ndi tiketi yaitali ija. Amalumikiza magemu 10 kuti K200 ibale ndalama zopitirira K200,000. Koma werengani nokha, ngakhale gemu iliyonse itakhala yoti mwayi wolosera molondola ndi theka, mwayi woti onse 10 alowe ndi umodzi pa 1,024. Mumva akuti "yandigwetsa timu imodzi yokha," ngati anatsala pang'ono. Mawa alawirira komweko. Nanga kandege kobetchera pa foni kaja, eee, amenewo si mpiranso. Mpira umadikira mphindi 90, kandege kagwa usanameze malovu, waikanso ina.

Ndiye ine ndikanakhala wolamula, ndikanayamba ndi zotsatsa. Wailesi masana, ana akumvera, nkhani isamakhale ya kuwina basi. Ku England matimu a Premier League anagwirizana mu 2023 kuti achotse mayina a makampani obetcha pachifuwa pa yunifomu ikatha sizoni ya 2025/26, ndipo kuyambira 2020 kumeneko sungabetche ndi khadi ya ngongole. Kuno nambala ya foni timalembetsa kale ndi chitupa cha unzika, nanga chavuta n'chiyani kuika malire a ndalama zimene munthu angabetche pa tsiku? Komanso amene waona kuti zamukola azitha kudziletsa, dzina lake litsekedwe m'makampani onse, osati imodzi yokha.

Za mpira weniweniwo, malume anafunsa dzana ngati magemu sagulidwa. Malamulo a FIFA amaletsa osewera ndi oyimbira kubetcha pa mpira. Ivan Toney, wosewera wa ku England, anamuimitsa miyezi 8 mu 2023, Sandro Tonali wa ku Italy miyezi 10 chaka chomwecho, anthu olandira ndalama zankhaninkhani amenewo. Ndiye ganizirani mnyamata wa kuno amene malipiro achedwa, landilodi ali pakhomo, wina n'kumunong'oneza kuti ungopalamula penate. Ife pa Kamuzu Stadium tingoti lero sanadzuke bwino. Apa mpamene a ziphaso ali ndi ntchito, chifukwa ndi amene amaona ndalama zachilendo zikuunjikana pa gemu imodzi, ndipo lamulo liziwakakamiza kuuza a FAM. Wopanda chiphaso uja sauza munthu.

Tsono za msuweni wanga zimene mwandinong'oneza zija, sindizitchula pa gulu pano. Chimodzi chokha, ngongole ya katapila ija musamutumizire ndalama pa foni kuti akabweze yekha, ikafika usiku simudzaionanso. Mukapereke nokha pamanja. Ndipo kumukalipira kokha sikuthandiza, chizolowezi chimenechi chimafuna uphungu ngati cha mowa. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu a zizolowezi zovuta kusiya, kuno tingayambe kufunsa ku Queens. Minibasi yadzaza azakhali, ndikuimbirani ndikafika kunyumba.